Galimoto yapita ndi apongozi

Akazi anga,

Khalani kaye pansi. Galimoto aikoka, mayi anu ali momwemo!

Ndinaima pasiteshoni ya sitima, pomwe paja timaima masiku onse, n'kuthamangira kukawagulira tikiti. Iwo ndinawasiya akuwodzera kumpando wakumbuyo. Potuluka, galimoto palibe! Wogulitsa nyuzipepala ndiye wandilozera chikwangwani chatsopano, ati msewu wonse uja tsopano ndi wa mabasi okhaokha. Zayamba liti zimenezi?

Ndadzatenga kunyumba kuno mapepala a galimoto ndi mankhwala awo a shuga, ndikuthamangira kumene amasunga magalimoto okokedwa. Foni yanga yatsala m'galimotomo. Imbani msanga, ayankha ndi iwowo.

Pepani ndithu. Apolisi ndikalankhula nawo ndekha, koma kwa mayi anu muyambe ndinu.

Amuna anu