Dzenje la Kuseri kwa Nyumba

14 Okutobala

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine thupi lili bwino, mtima ndiye ayi.

Mwandiuza kuti Bambo akumba kale dzenje kuseri kwa nyumba n'kuthiramo manyowa, akudikira mwana wa nthochi wosagwidwa matenda amene ndinawalonjeza pamene matenda ofota aja anapululutsa munda wawo. Mukufunsa kuti ndibwera naye liti. Sindibwera naye, achimwene.

Osati kuti ntchito inakanika. Paja ndinakufotokozerani kuti kuntchito kwathu kuno timalowa m'chibadwa cha mbewu n'kudula pamene matenda amagwira, monga telala asomola ulusi umodzi wolakwika. Zaka zonsezi ndalera nthochizo m'nyumba ya magalasi, kuzipatsira matenda dala, izo osatekeseka, masamba ali biriwiri. Koma chilolezo chozitulutsira kunja sichinabwere. Akuluakulu akuti akukambiranabe. Otithandiza ndi ndalama atopa, atseka ntchito, ndipo lamulo likuti chomera chotere chisatsale chamoyo.

Lachiwiri abwana anandiitana. "Mayi, inu ndi amene mumazidziwa bwino, ndiye muziwotche ndinu." Ati kundilemekeza kumeneko! Iwo anathamangira kumsonkhano wokambirana za njala, kumene kuli tiyi ndi mipando ya wofowofo.

Sindikubisirani, kamwana kamodzi ka nthochi ndinakakulunga m'mpango n'kukaika pansi pa chikwama. Nditafika pa geti, mlonda wathu, yemwe amatisecha mpaka m'nsapato, anangokhudza chikwamacho n'kutsitsa mawu. "Mayi, ndili ndi ana ine. Musandichotsetse ntchito chonde." Ndinabwerera, n'kukaponya m'ng'anjo ndi manja angawa. Nthochi yaiwisi siiyaka msanga, achimwene. Ndinaima pamenepo mpaka utsi unandilowa m'tsitsi.

Zikundiwawa, ndipo ndakwiya kwambiri. Nthochi za Bambo ndi zimene zinandiphunzitsa sukulu, lero ine ndi sukulu yangayo ndawotcha chimene chikanadzutsa munda wawo.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Bambo musawawerengere kalatayi. Ayamba kunditonthoza kuti sindinalakwe, ndipo zimenezo sindingazipirire. Mungowauza kuti ndibwera mwezi ukatha, chimanjamanja. Dzenjelo musalole kuti akwirire okha ndi msana wawo uja. Mundisungire khasu, ndidzakwirira ndine.

Ndine mlongo wanu.