Bokosi Lapamwamba

Lolemba, 3 Marichi

Kwacha ndi mitambo, mvula ikungowopseza. Cha m'ma 8 koloko ndapita ku khonsolo kukatenga fomu ya malo pamsika watsopano. Ndatopa kusokera pakhonde la achimwene, akazi awo akamasesa fumbi lonse limadziwa njira ya ku makina anga.

Akalaliki ati fomu ibwerere pofika Lachisanu masana, ikachedwa malowo apatsa wina. Kumunsi kwa pepala kuli mabokosi awiri opanda mawu, lina pamwamba pa linzake. Limodzi adinde amfumu, linalo akhansala. Ndimafuna kufunsa kuti la ndani ndi liti. Koma ndangoti zikomo.

Lachiwiri, 4 Marichi

Amfumu ndawapeza akukonza njinga ya munthu, mafuta mpaka m'zigongono. Aseka nane, afunsa za mwendo wa amayi. Chidindo amasunga m'chitini cha mabawuti. Adinda bokosi lapamwamba. Ntchito ya mphindi imodzi basi. Ndabwerera ndikuyimba chamumtima.

Lachitatu, 5 Marichi

Ndinayimba msanga.

Akhansala angoona fomu nkuibweza ndi chala chimodzi. Ati boma silikhala pansi pa munthu amene sanavoteredwe. Andituma kukatenga fomu ina, nkudinda okha pamwamba. Akuti alamu awo adinde pansipo, sipaluma.

Inde, ndi pachilamu. Akhansala anakwatira mlongo wa amfumu. Madzulo ano ndawadutsa atakhala pabenchi limodzi akumwa tiyi, akuseka mpaka kugundana mapewa. Ndawapatsa moni, onse ayankha mokoma kuti zikomo mwanathu.

Lachinayi, 6 Marichi

Amfumu akana. Osakwiya ayi, akumwetulira. Ati khonsolo pobwera inapeza agogo awo atagawa kale malo onsewa, ndiye mlendo sangakhale pamutu pa mwininyumba. Andipatsa mpando, andifunsanso za mwendo wa amayi, koma chitini sanachitsekule.

Ndabwerera ku khonsolo. Akalaliki andipatsa fomu yachitatu, ati ndi yomaliza, mapepala sathyola mumtengo. Mayi wina pamzere wandinong'oneza kuti iye ali pa yachinayi, anachita kutuma mwamuna wake kuti asamuzindikire.

Lero sindinasoke kalikonse. Diresi la eni likungondiyang'ana.

Lachisanu, 7 Marichi

Ndinalawirira kwa amfumu. Anadinda pamwamba, monga mwa masiku onse.

Kwa akhansala ndinafika 11 koloko itakwana. Anali pa foni, akulonjeza munthu wina mlatho. Ndinayika fomu patebulo, kenako nkuona kuti ndaiyika mozondoka. Ndinafuna kuitembenuza, koma anali ataigwira kale, ndipo ine kulanda pepala m'manja mwa munthu wamkulu sindingathe.

Anayang'ana mabokosi okha. Lopanda kanthu linali pamwamba, la amfumu pansi. Anatseka foni ndi dzanja.

"Aona nzeru alamu anga. Koma taona mwanawe, ngakhale kudinda sadziwa, adinda chadodolido."

Anadinda mwamphamvu mpaka kapu inalira patebulo. Ine zikomo, ulendo.

Akalaliki anaitembenuza fomuyo, nkuitembenuzanso. Mbali iyi amfumu ali pamwamba, mbali inayo akhansala. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ine maso pa nsapato zawo.

"Wakuphunzitsa ndani zimenezi, chemwali?"

Ndinati palibe. Sanandikhulupirire. Analemba dzina langa pa malo nambala 14, pafupi ndi mpopi, nkundipatsa kiyi. Ndikutuluka ndinawamva akuitana mayi wa pamzere uja, nkumuuza chapansipansi kuti anditsatire, ndimufotokozere kagwiridwe ka pepala.

Ndinamufotokozera panja, pansi pa mtengo. Pomaliza anali atandizungulira anthu asanu ndi mmodzi, aliyense ndi fomu yake, onse chete kumvetsera ine.

Makina ndawamanga kale, achimwene apita kukabwereka wilibala.

Ndamaliza kulemba Lachisanu lomweli, 5 koloko madzulo.