Changa wanu wandichititsa manyazi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumigodiko. Kuno ku Kabwata tili bwino, chifuwa cha amayi chinatha.

Changa munandisiyira uja anasintha khalidwe. Analeka kulumphira paphewa panga, ankangobisala m'bokosi mwake, ndikamuyandikira n'kumaluma. Ndinaganiza kuti wadyetsedwa poizoni. Pamzere wogula shuga ndinakalipira amake Tisa, aneba athu odandaula ndi kulira kwake aja, anthu onse akumva. Iwo anangoti, "Mwana wanga, ine ndiphe kanyama?"

Loweruka ndinapeza tiana tiwiri tikuyamwa pamimba pake. Paja amayendayenda m'mitengo, ndiye kuti anakumanako ndi wamphongo. Dzulo amake Tisa anamubweretsera nthochi, ine ndinalephera kuwayang'ana kumaso.

Mawa ndikapepesa, koma chonde nanunso muwalembere, poti inu amakumverani. Mulungu akusungeni.

Mlongo wanu,
Esinati