Imelo Yafika, Koma Bude Sanaitanidwe

Mbak Ratri, mlongo wanga,

Muli bwanji kumeneko ku Klaten? Chifuwa cha alamu anga Mas Harjo chinatha? Nanga ana? Ine kuno ku Batam ndili bwino, ndanenepa moti bwenzi langa Sekar akuti ndisayerekeze kuwonjezera, jekete ya ukwati anaisoketsa kale.

Ntchito ikuyenda. Paja mumandiseka kuti ndimalipidwa chifukwa chosuzumira m'makalata a eni. Si choncho ayi! Pulogalamu yathu ikatumiza imelo imangoti yapita, koma ina imabwerera, ina imakagwera m'bokosi la zinyalala mwiniwake osadziwa. Ine ndimailondola mpaka ndione kuti yafika ndipo yatsegulidwa.

Ndiye makalata oitanira anthu ku ukwati wanga ndinatumiza pa pulogalamu yomweyo, n'kumawalondola imodziimodzi. Zinayenda bwino zedi. Ya amalume athu Pakde Wiryo yokha ndiyo inabwerera chifukwa adiresi inali yakale, ndinakonza. Anthu ayankha, akuti abwera.

Kupatula azakhali athu, Bude Lastri.

Yawo inafika, Mbak. Inatsegulidwa tsiku lomwelo, ndipo ikutsegulidwabe m'mawa ndi masana omwe. Koma yankho, zii.

Ndinawaimbira foni. Anandifunsa ngati ndikudya bwino, kenako anati amva mphekesera kumsika zoti mwana wa mlongo wawo akukwatira, kaya ndi zoona kaya, iwo sakudziwa poti palibe wawauza. Ine kupusa kwanga, ndinati makina akuonetsa kuti imelo mwaiwerenga. Mayo ine! Anati ndiye ndiitane makinawo adzakhale pampando wa mayi anga, ndidzawagwadire. Anati iwo nsalu zawo amagulitsa pa foni, imelo akuidziwa kuposa ine, koma chibadwire sanaonepo munthu wamkulu akuitanidwa ku ukwati popanda dengu la mpunga ndi nkhuku kufika pakhomo pake. Atatero anadula.

Ndinaseka, kenako mtima unandiwawa. Mayi kulibe, bambo kulibe. Tsikulo ine ndi Sekar tikamadzagwada kupempha madalitso, makolo ake adzakhala pamipando yawo. Kumbali yathu ndi Bude basi. Akapanda kubwera ndidzagwadira mpando wopanda munthu, ndipo zimenezo sindingazipirire.

Komabe musade nkhawa kwambiri. Sekar anaimbira telala uja wa pafupi ndi mzikiti kufunsa za chovala chake, ndipo telalayo anaulula zonse. Akuti Bude anapititsa kale nsalu yoti awasokere kebaya, chovala chija amayi amavala pa ukwati. Amangobwerabwera, n'kutsegula imeloyo, n'kuyandikitsa foni pansalu kuti aone ngati mtundu wake ukugwirizana ndi maluwa a pachithunzi chathu cha mu imelomo. Aliyense wolowa m'shopumo amamuonetsa, amvekere onani mwana wanga, wapeza mkazi wokongola, ngakhale makutu ndi a bambo ake omwe aja. Nditamva ndinakhala nthawi yaitali ndikungomwetulira ndekha, anzanga pantchito mpaka kufunsa ngati ndili bwinobwino.

Ndiye pempho langa ndi ili. Ine sindingachoke kuno mpaka sabata ya ukwati. Chonde, muphike mpunga, mazira ndi nkhuku yathunthu, yakumudzi osati yachizungu, paja Bude amazindikira ndi fungo lokha. Muyale masamba a nthochi m'dengumo monga ankachitira mayi. Muvale bwino, mutengane ndi Mas Harjo, mukalowe m'nyumba, mukakhale pansi, mukanene kuti Danang watituma.

Ndipo akakagwira pachifuwa n'kufuula kuti ha, Danang akukwatira, bwanji osandiuza, musakaseke, Mbak, ndimakudziwani inu. Mukawafotokozere zonse kuyambira pachiyambi, dzina la mtsikanayo, kwawo, tsiku lake, ngati sanamvepo kalikonse. Akadabwe mpaka akhutire, bola adzakhale pampandopo.

Mulungu akusungeni nonse. Mundiperekere moni kwa Mas Harjo, kwa ana ndi kwa Pakde Wiryo. Wa Bude musatumize pa foni, mukaupereke pakamwa.

Ndine mlongo wanu,
Danang