Nkhuku Iyi Ndidya Ndekha

Amayi, kaya mukudzuka bwanji kumeneko?

Ife kuno tilipo. Mng'ono wanga Agnesi wachira mwezi wathawu, mwana wamkazi, ndipo mphuno ndi yanu yeniyeni. Chimanga kumunda kwanu ku Mavwere chinachita bwino, nkhokwe inadzaza mpaka china tinaika m'matumba. Mtedza wokha ndi umene unatikhumudwitsa. Mvula inadula msanga, makoko ambiri alibe kanthu m'kati.

Koma chimene chandikhazika pansi kuti ndikulembereni ndi china. Mkamwini wanu, bambo a Mphatso, anabwera ndi wailesi ya kanema kuchokera ku Chipata. Imayendera batire ya galimoto, ndipo waya wake anamangirira pansungwi yaitali kuseri kwa nyumba. Kuyambira tsiku limenelo nyumba si yanganso. Dzuwa likangopendeka, anthu onse a mbali yathu ino ali pabalaza panga. M'mawa ndimasesa makoko a mtedza ndi zotafuna za nzimbe, kenaka kuyanika mphasa imene ana a eni akodzera.

Akanakhala kuti amaonera zanzeru bwenzi ndikupirira. Koma amakonda sewero la anthu olemera, amayi. Anthu ake nyumba zosanja, dziwe losambira pakhomo, agalu kugona pabedi. Sindinaonepo ngakhale mmodzi atagwira ntchito. Zawo ndi kulira, kunamizana ndi kusintha zovala basi. Sabata yatha mayi wina wa m'menemo ankakondwerera tsiku lake lobadwa. Anabweretsa keke yaitali ngati mtondo. Atangodulako kachidutswa anayamba kupakana kumaso, kugendana nayo, yonse n'kuthera pansi, akuiponda ndi nsapato uku akuseka. Nkhuku zowotcha zinali mbwee patebulo, palibe amene anazikhudza. Wantchito anadzangozikokolola pamodzi ndi zinyalala.

Ndinakumbukira chaka cha njala chija, tikudya madeya, inu mukutinamiza kuti mwadya kale kwa anzanu. Koma pabalaza panga anthu ankangoomba m'manja. Bambo a Mphatso anachita kuimirira, amvekere, “Kukhala ndi kumeneku, osati zathuzi!” Ndinatuluka kukalavula kunja.

Komabe kanthu kamodzi kanandilowa mumtima. Tsiku langa lobadwa ndimalidziwa, chifukwa munkakonda kunena kuti munandibereka anzanu ali paulendo wa ku Ludzi, ku chikondwerero cha Amayi Maria cha mu Ogasiti. Chaka chino ndikukwanitsa zaka makumi anayi, ndipo sindinayambe ndachitapo kanthu kongosangalatsa ine mwini. Keke sindikuifuna, ndaiona mapeto ake. Ndinangopatula msoti wanga wamawangamawanga n'kumaudyetsa pawokha. Ndinati tsikulo likafika ndidzaupha n'kudya ndekha, ntchafu zonse ziwiri, chiwindi, ndi nthutumba imene chibadwire sindinailawepo chifukwa akuti ndi ya abambo.

Pakamwa ndi pamene panandipweteketsa. Ndinanong'oneza Mphatso, mdzukulu wanu, iye n'kukauza bambo ake. Dzana, sewero lili m'kati, iwo anatsitsa mawu a kanema n'kulengeza kuti: “Abale, tsiku limenelo tonse pano. Tiwachitira pate mayi akunyumba, ngati ya pakanema!” Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Pomwepo anayamba kukonza: nkhuku ija, mpunga, thobwa, ndi mandasi osanjikiza kuti aoneke ngati keke. Mayi Phiri oyandikana nafe, amene chibwerekere sefa yanga sanabweze, akuti adzandithira ndowa ya madzi monga amachitirana ana a sukulu.

Ndiye tandiuzani, amayi, wofulula thobwalo ndani? Wotunga madzi, wokazinga mandasi, wosadzula nkhuku, wotsuka mbale alendo atapita ndani? Ndipo magawidwe ake mumawadziwa. Ntchafu kwa azibambo, nthutumba kwa mwini nyumba, ine mwini tsiku khosi ndi mapazi, kudyera kukhitchini nditaimirira. Pate yake imeneyo!

Dzulo ndinayesa kulankhula nawo bwinobwino. Ndinati, “Bambo a Mphatso, nkhukuyo ndimafuna ndidye ndekha.” Anandiyang'ana ngati ndavula pamsika. “Nokha? Mayi a Mphatso, anthu akamva adzati ndinakwatira mfiti.” Atatero ananyamula batire panjinga kupita nayo pa Boma kukatchajitsa.

Ndikudziwa chimene mukanandiuza. Munkati wodya yekha amafa yekha, ndipo mawu amenewo ndakulira nawo, ndaphunzitsanso ana anga. Koma lero mundilole ndikutsutseni pang'ono. Inu simunadyepo nokha. Aliyense wodutsa pakhomo munkamuitana, mbale yanu inkatha inu mutangotapako kawiri. Nanga pamene munagona m'chipatala muja, anthu onse aja anali kuti? Pambali pa bedi panali ine ndi Agnesi basi. Anadzaza bwalo tsiku la maliro anu, atamva kuti mbuzi yaphedwa. Zimenezi zimandinyansa mpaka lero, kuposa za pakanema zija.

Choncho ndakonza zanga. Tsikulo ndidzalawirira, msoti mudengu, pamodzi ndi kapoto, mchere, anyezi ndi tomato. Ndidzakwera matola mpaka ku Mavwere, n'kukakoleza moto pansi pa mtengo wa mango kumunda kwanu. Obwera ku pate adzapeza khitchini yozizira. Akafuna thobwa afulule okha, akafuna kunditcha mfiti anditche.

Chimene ndikuopa si pakamwa pa anthu, amayi, koma manja angawa, poti ndi anu omwe. Ndikudziwa kuti nkhuku ikadzapsa adzayamba okha kukulunga ntchafu imodzi m'tsamba kuti ndikapatse ana. Mukadzaona zimenezo mudzandimenye padzanja.

Ndimakukondani, ndipo ndimakusowani tsiku lililonse. Ndikukulonjezani kuti poto ameneyo adzabwerera kunyumba wotsukatsuka, ngakhale msuzi sudzatsala.

Ndine mwana wanu,
Felesiya