Mazira Ako Ali mu Rediyeta

Yuneisy wanga,

Usavutike kufunafuna mazira awiri aja, ndatenga ndine. Pepa, galimoto yakudyera kadzutsa. Amayi ayambanso kubanika, ndikuthamangira nawo kuchipatala ku Santa Clara, ndiye rediyeta yasankha lero lomwe kuti iyambe kudontha. Kabotolo ka mankhwala omatira kaja ndakapeza kali gwa, kouma, choncho ndaswera mazirawo m'rediyetamo monga ankachitira malemu bambo. Akapsa amatseka kabowoko.

Panopa yasiya kudontha, koma ndikuopa chitunda chija tikangowoloka mlatho. Thamangira kwa mnansi wathu Osmany, umuuze atitsatire panjinga yake yamoto ndi zigubu ziwiri za madzi, asadikire kuti ndimuimbire.

Amayi akuti uwayatsire kandulo yowapempherera. Chikhalire sanapemphepo zimenezi.

Dagoberto