Zimene Atupele Anawerenga pa Kompyuta

Chinsapo, Lilongwe
Julaye 2007

Okondedwa achemwali anga a Lydia,

Muli bwanji ku Phalombeko, pamodzi ndi alamu ndi ana? Ife kuno tilipo, kungoti kukuzizira kwambiri.

Mwana wanga Atupele akuchita bwino kusukulu ya unamwino. Masiku ano akaweruka amayamba wadzera ku intaneti kafe m'tauni. Akuti pa kompyutapo pali bwalo la anamwino a mayiko ena, ukalemba funso amakuyankha anthu oti sunawaonepo. Kale ankandifotokozera zonse za kusukulu tikusenda mbatata pakhonde. Tsopano nkhani zake amazisiya komweko, ine ndimangotsala ndi wailesi.

Kachotupa ka pabere kamene ndinakuuzani kaja sikanathe. Si nkhani yaikulu ayi. Koma Atupele anandifunsa mafunso ambirimbiri, n'kukawalembera anzake a pa kompyutawo. Tsiku lotsatira anabwera maso ali psuu. Nditamufunsa kuti, "Akuti chiyani anzakowo?" anangoti, "Netiweki inavuta, amayi." Chiyambire tsikulo amandichapira zovala, salola kuti ndisenze ndowa, ndipo waumirira kuti Lolemba tipite kuchipatala.

Achemwali, anthu a kutsidya kwa nyanja akudziwa za thupi langa, mwini wakene sindikudziwa. Ndimafuna kumufunsanso, koma akandiyang'ana ndimangoyamba nkhani ina.

Munati mudzabwera pa Khirisimasi. Ngati n'kotheka musadikire mpaka pamenepo, mubwere mukangomaliza kuthyola nandolo. Palibe chovuta, ndangokusowani basi.

Ndine mng'ono wanu,
Eva